Chiphunzitso cha masautso mu Sinodi ya Nkhoma

Chiphunzitso cha masautso ndi mbali ya chikhulupiriro cha Chikhristu imene imafotokoza chifukwa chake anthu amavutika, mmene mavuto amasinthira khalidwe la munthu, ndiponso mmene zimenezi zimakhudzira Ufumu wa Mulungu pansi pano. M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kuphatikizapo dera la Mfumu Kasakula, chiphunzitsochi chinafalikira kwambiri kudzera mu mpingo umene lero ndi Sinodi ya Nkhoma ya CCAP.

Mbiri

Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok, anatsegula mishoni ya Mvera m'dziko la Mfumu Chiwere ku Dowa pa 28 Novembala 1889. Mu 1894 Robert Blake anayambitsa mishoni ya Kongwe, mu 1896 panatsegulidwa ya Nkhoma, ndipo pambuyo pake ntchito inafika ku Chinthembwe m'boma la Ntchisi. Baibulo lonse la Chinyanja, Buku Lopatulika, linasindikizidwa mu 1922. Mpingowu unalowa mu CCAP mu 1926.

Amishoniwo anapeza Achewa ali kale ndi mayankho awo pa nkhani ya mavuto. Matenda, imfa kapena chilala zinkatengedwa ngati zochokera kwa mfiti, kwa mizimu yokwiya, kapena ku mdulo, umene umadza munthu akaphwanya mwambo. Choncho pakagwa zovuta, funso loyamba linkakhala lofuna kudziwa amene wachititsa.

Zimene chiphunzitsochi chimanena

Maziko ake ndi Baibulo ndi Katekisma wa Heidelberg, amene analembedwa ku Germany mu 1563. Katekismayu ali ndi mafunso 129 m'zigawo zitatu: tsoka la munthu, chipulumutso chake, ndi kuyamika kwake. Mafunso 27 ndi 28 amaphunzitsa kuti palibe chochitika mwangozi. Chaka cha zokolola ndi chaka cha njala, thanzi ndi matenda, zonse zili m'manja mwa Mulungu monga Atate. N'chifukwa chake Mkhristu amauzidwa kupirira pa nthawi yovuta ndi kuyamika pa nthawi yabwino.

Chiphunzitsochi chimakana kuti vuto lililonse ndi chilango. Yobu anali wolungama koma anataya ana, chuma ndi thanzi. Pa Yohane 9, Yesu anakana maganizo akuti munthu wobadwa wakhungu analangidwa chifukwa cha tchimo lake kapena la makolo ake. Motero funso limasintha: m'malo mofufuza amene wachititsa, wokhulupirira amafunsa mmene ayenera kukhalira mkati mwa vutolo. Apa chimasiyananso ndi ulaliki wa mipingo ina umene umati chikhulupiriro chenicheni chimabweretsa chuma ndi thanzi nthawi zonse.

Kusandulika kwa khalidwe

Pa Aroma 5:3-5, Paulo anandandalika masitepe: masautso amabala chipiriro, chipiriro chimakhwimitsa khalidwe, ndipo khalidwe lokhwima limabala chiyembekezo. Yakobo 1:2-4 ndi Ahebri 12 amanena zofanana. Mavuto paokha sayesedwa abwino. Chimene chimayamikiridwa ndi chipatso chimene Mzimu Woyera amabala mwa munthu amene akudutsamo.

Sinodi ya Nkhoma inaika njira zoumbira khalidwe lotere. Ofuna ubatizo amayamba aphunzira m'kalasi. Achinyamata amalandira chilangizo, chimene chinalowa m'malo mwa chinamwali cha kumudzi kwa ana a mumpingo. Malamulo a mpingo, otchedwa Zolamulira, amaletsa kuwombeza maula, kumwa mowa ndi mitala. Nthawi imene chiphunzitsochi chimayesedwa kwambiri ndi pa matenda ndi pa maliro, pamene abale amafuna kuloza chala munthu wina kuti ndiye mfiti.

Ufumu wa Mulungu pansi pano

Funso 123 la katekisma limatanthauzira pempho lachiwiri la Pemphero la Ambuye. Ufumu umayamba pamene anthu agonjera Mawu ndi Mzimu wa Mulungu, umakula pamodzi ndi mpingo, ndipo udzakwanira Khristu akadzabweranso, pamene imfa ndi kulira zidzatha monga chimanenera Chivumbulutso 21. Pakadali pano, kuchepetsa mavuto a ena kumatengedwa ngati chizindikiro cha Ufumuwo. Chipatala cha Nkhoma, chimene chinayamba mu 1915, sukulu ya sekondale ya Robert Blake ku Kongwe, ndi ntchito ya amayi a Chigwirizano yoyendera odwala ndi kutonthoza anamfedwa, zonse zimamveka motero.

Mtsutso

Funso lalikulu ndi lakuti kupirira kumalekezera pati ngati mavuto akuchokera kwa anthu aulamuliro. Pa 8 Malichi 1992, mabishopu a Katolika anatulutsa kalata yodzudzula kuponderezana ndi umphawi mu ulamuliro wa Hastings Kamuzu Banda. Masinodi a Blantyre ndi Livingstonia anagwirizana ndi kalatayo ndipo anathandiza kukhazikitsa bungwe la Public Affairs Committee chaka chomwecho. Sinodi ya Nkhoma inakhala kumbali ya boma, ndipo inadzudzulidwa kwambiri chifukwa cha zimenezi.

Akatswiri a zaumulungu, monga Kenneth Ross, analemba za nthawi imeneyi pounika ubale wa mpingo ndi boma. Nayenso Isabel Apawo Phiri anafufuza za moyo wa amayi achichewa mu sinodiyi ndi mmene ankachepetsedwera mumpingo. Otsutsa amati chiphunzitso cha kupirira chikalalikidwa chokha chingathe kutseka pakamwa anthu oponderezedwa, monga mayi wozunzidwa m'banja. Ochiteteza amayankha kuti Baibulo lomwelo lili ndi aneneri monga Amosi, amene anadzudzula odyera masuku pamutu osauka. M'zaka zotsatira, Sinodi ya Nkhoma nayo yakhala ikutulutsa makalata odzudzula katangale m'boma.