Mafunde a terahertz ochokera mu quantum well

Terahertz ndi mafunde osaoneka ndi maso amene ali pakati pa microwave ndi infrared. Funde la terahertz imodzi limagwedezeka ka 1,000,000,000,000 pa sekondi ndipo kutalika kwake ndi mamilimita 0.3. Njira imodzi yowapangira ndi quantum well, komwe kachigawo kopyapyala zedi ka gallium arsenide kamaikidwa pakati pa zigawo za aluminium gallium arsenide, kuti maelekitironi atsekeredwe m'menemo. Kuwala kwa laser kongoti phethi kukaomba pamenepo, maelekitironi amayamba kupita uku ndi uku, ndipo kugwedezekako ndiko kumatulutsa mafundewo. Hartmut Roskos ndi anzake anasonyeza zimenezi mu 1992 ku AT&T Bell Laboratories, ku America, pogwiritsa ntchito zigawo ziwiri zoyandikana koma zosiyana kuchindikala.

Phindu la njirayi lagona poti wopanga amasankha yekha liwiro la kugwedezeka posintha kuchindikala kwa zigawo kapena mphamvu ya magetsi. Otsutsa amati mafundewa ndi ofooka, kuti ntchito ya 1992 inafuna kuzizira koopsa, ndiponso kuti madzi amawameza. Ziwiri zoyambazo ndi zoona, ndipo zipangizo zake n'zodula. Koma chachitatucho chili ndi ntchito: popeza madzi amameza mafundewa, akatswiri amayezera nawo chinyezi cha m'tsamba osalidula. Kwa opanga tiyi ku Mulanje, komwe kukoma kwa tiyi kumadalira kufota bwino kwa masamba, muyeso wotere ndi woyenera kuutchera khutu.