Nyali Yolondola Munthu M'mabwalo a Zisudzo a ku Johannesburg

Amene adalowapo m'nyumba yaikulu ya zisudzo amadziwa kuti kumbuyo kwa oonerera, cha kudenga, kumachokera kuwala kumene kumagwera pa munthu mmodzi n'kumayenda naye kulikonse kumene walowera. Amisiri amaitcha nyali imeneyi follow spot. Ife pano tiitcha nyali yolondola. Kwa zaka zoposa 150, kumbuyo kwa nyaliyi kunkaima munthu, thukuta lili kamukamu, akuitembenuza ndi manja. Nyali zina zonse zidagonjera desiki yoyendetsera magetsi kalekale. Iyi yokha ndiyo idakhalitsa kunja kwa ulamuliro wa desikiyo, ndipo m'mene idagonjera ndi nkhani yoyenera kulembedwa.

Chiyambi chake ndi ku London, kumene mu 1837 nyumba ya Covent Garden idagwiritsa ntchito kuwala kochokera ku laimu wotenthedwa ndi lawi la mpweya. Lawilo linkafuna mlonda, ndipo mlondayo ndiye adayamba kulondola wochita sewero. Pamene Johannesburg inkabadwa mu 1886, magetsi anali atayamba kulowa m'malo mwa lawi, koma mlonda uja adatsala.

Mumzinda umenewu funso lakuti kuwala kugwere pa yani silidakhalepo la amisiri okha. Pa 2 February 1959, mu Great Hall ya yunivesite ya Witwatersrand, mudatsegulidwa sewero loimba la King Kong, nyimbo zake zopeka Todd Matshikiza, Miriam Makeba ndi Nathan Mdledle ali patsogolo, oonerera akuda ndi oyera atakhala m'holo imodzi. Patapita zaka zitatu, mu 1962, mzindawu udatsegula Civic Theatre ku Braamfontein, nyumba ya zida zamakono, koma ya azungu okha. Mu 1965 boma lidaletsa kusakaniza mitundu ya oonerera popanda chilolezo. Choncho nyali zabwino zidali kumene Gibson Kente sakadaloledwa kufika. Iye ankayendayenda ndi masewero ake, monga Sikalo, m'maholo a m'makomboni, ndipo zimene magetsi sakadatha kuchita ankazichita ochita sewero ndi matupi awo: maso otong'ola, mawu okweza, kuvina kwamphamvu. Ena amafotokoza kachitidwe ka Kente ngati nkhani ya luso lokha. Ine ndiona kuti adaiwala kuyang'ana kudenga kwa maholo amenewo.

Market Theatre idatsegulidwa mu June 1976 ku Newtown, mumsika wakale wa zipatso womangidwa mu 1913, patangopita masiku ochepa ana asukulu a ku Soweto ataukira boma. Oiyambitsa anali awiri, Barney Simon ndi Mannie Manim, ndipo n'zosaiwalika kuti Manim anali mmisiri wa kuwala, amene adawalitsa masewero ambiri a Athol Fugard. Sewero la Woza Albert! la mu 1981 lidali ndi anthu awiri okha, Percy Mtwa ndi Mbongeni Ngema, pansanja yopanda kanthu kupatula mabokosi ndi popachika zovala. Malo akasintha, kuchoka m'sitima kupita kundende, thupi ndi kuwala ndizo zinkauza oonerera. Masewero otere ankabadwira m'kuyeserera, ndipo wochita sewero sankaponda malo amodzimodzi usiku uliwonse. Woyendetsa magetsi ankayenera kumudziwa munthuyo monga woimba ng'oma adziwira phazi la wovina pabwalo.

M'zaka zomwezo, kutsidya kwa nyanja, desiki inali kukula mphamvu. Mu 1975 sewero la A Chorus Line lidabweretsa ku Broadway desiki ya kompyuta yosunga ndondomeko yonse ya kuwala. Mu 1981 gulu loimba la Genesis lidayenda ndi nyali za Vari-Lite, zotembenuka zokha ndi kusintha mtundu. Mu 1986 kudakhazikitsidwa DMX512, chinenero chimodzi chimene desiki imalankhulira ndi nyali pa ngalande 512. Kuyambira pamenepo desiki inkatha kuuza nyali kumene iyang'ane. Chimene sinkadziwa n'chakuti munthuyo ali pati. Kampani ya Wybron ku America idayesa kuthetsa vutoli m'zaka za m'ma 1990 ndi chida chotchedwa Autopilot, chogwiritsa ntchito mawu osamveka ndi khutu la munthu, koma njirayi idafala patapita zaka zina, pamene zidatulukira BlackTrax ya ku Canada ndi zactrack ya ku Austria.

Kagwiridwe kake nkotere. Wochita sewero amavala kachida kakang'ono kobisika m'zovala, kotumiza kuwala kosaoneka ndi maso kapena mafunde a wailesi. Makamera kapena zolandirira zopachikidwa mozungulira nsanja zimawerengera malo ake ngati manambala atatu, m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Manambalawo amayenda pa netiweki kupita ku desiki, kawirikawiri kudzera mu PosiStageNet, njira imene adakonza makampani a VYV ndi MA Lighting. Desikiyo imakhala ndi mapu a nsanja osonyeza pamene nyali iliyonse yapachikidwa, ndipo imawerengera yokha kuti nyali iyi itembenuke motani, iyo iwerame motani. Njira ina ndi yakuti makina olondola amayendetsa okha kutembenuka kwa nyali, desiki n'kutsala ndi mtundu, mphamvu ndi kukula kwa kuwala. Mulimonsemo, ntchito yaikulu imachitika oonerera asanalowe: kuyeza nsanja. Nyali ikalembedwa pa mapu molakwika ndi masentimita ochepa, kuwala kumagwera paphewa m'malo mwa pankhope. Palinso kuchedwa kwa uthenga ndi kulemera kwa nyali, kotero makinawo amayenera kulosera kumene munthu wothamanga akulowera, zimene woyendetsa nyali wakale ankazichita poona kupendekeka kwa chiuno.

Pakati pa munthu ndi makina pali njira yachitatu, monga RoboSpot ya kampani ya Robe ya ku Czech Republic, imene idatuluka mu 2017. Apa munthu uja amatsika kudenga, n'kukhala pansi akuyang'ana kanema wochokera ku kamera ya panyali, zogwirira zili m'manja, pamene desiki ikulamulira zina zonse. Ku Johannesburg zida za Robe ndi MA Lighting zidafala kudzera ku DWR Distribution, yokhazikitsidwa mu 2006, ndipo msika wake udakula pamodzi ndi nyumba ngati Teatro ya ku Montecasino, imene idatsegulidwa mu 2007 ndi The Lion King. Masewero ogulidwa kunja otere amabwera ndi ndondomeko ya kuwala yolembedwa kale, yofuna kuti zioneke chimodzimodzi ku London ndi ku Fourways.

Wophunzira wa zolemba angakopeke kuyerekeza kachida kobisika m'zovala ndi chitupa cha pasi, kapena ndi nyali zitalizitali za Apollo zimene boma la tsankho lidadzala m'makomboni kuti liziona aliyense usiku. Kuyerekezako n'kokoma m'kamwa koma n'kopepuka. Kunena zoona, makinawa amamasula wochita sewero: sakakamizidwanso kuima pa chizindikiro chomatidwa pansi, ndipo zisudzo za mtundu wa Simon, zosakhazikika malo amodzi, ndizo zikadapindula nawo koposa zikadakhala ndi ndalama zake.

Chodetsa nkhawa chili kwina. Nyali yolondola idali khomo lolowera pantchitoyi. Mnyamata kapena mtsikana wosadziwa kanthu ankamuika pamenepo, mahedifoni kukhutu, ndipo usiku ndi usiku ankaphunzira kupuma kwa sewero, nthawi yozimitsa pang'onopang'ono, ndi kusiyana kwa kuwala kofunika pa khungu lakuda ndi loyera. Khomo latsopano limafuna wodziwa netiweki ndi masamu a mapu, maphunziro amene sanagawidwe mofanana pakati pa Sandton ndi Jabulani, ngakhale Soweto Theatre idatsegulidwa kumeneko mu 2012. Manim mwini adayamba ali mnyamata, m'zaka za m'ma 1950, monga wolondolera anthu ku mipando yawo ku Brooke Theatre. Chimodzi mwa zipinda zitatu zochitira masewero ku Market Theatre chidapatsidwa dzina lake.