Mbiri ya a APE, anthu ogogoderedwa usiku

Omvera anzathu a m'makalabu a Chifunde, Mualadzi ndi Nsadzu, mwana akatentha thupi pakati pa usiku, chipatala chili kutali, timagogoda kwa yani? Ambiri muyankha kuti kwa APE. Nanga ntchito imeneyi inachokera kuti?

Muzu wake uli m'nkhondo ya ufulu. Frelimo itatsegulanso nkhondo kuno ku Tete mu 1968, m'madera omasulidwa madokotala anali osowa. Achinyamata ankaphunzitsidwa kumanga mabala ndi kusamala ovulala, n'kumatchedwa masokorista. Paja Samora Machel naye anali namwino asanalowe m'tchire.

Pa 24 Julayi 1975 boma linatenga zipatala zonse m'manja mwake, koma madokotala ambiri achipwitikizi anali atachoka. Ndiye mu 1978 kunabadwa Agente Polivalente Elementar, mwachidule APE: munthu wosankhidwa ndi mudzi wake, wophunzitsidwa miyezi yowerengeka, n'kubwerera kwawo ndi bokosi la mankhwala. Boma silinkamulipira ayi, mudzi ndi umene unayenera kumusamala. Masana ali kumunda ngati tonsefe, usiku mukagogoda adzuka.

Nkhondo yachiweniweni inasokoneza zonsezi. Zipatala zing'onozing'ono zinatenthedwa, mankhwala analeka kufika, anthu anathawira ku Zambia ndi ku Malawi. Mudzi woti wabalalika ukanamusamala bwanji APE? Ambiri anasiya ntchito. Ngakhale mtendere unabwera pa 4 Okutobala 1992, otsalawo ankangodalira mabungwe, lililonse ndi kaphunzitsidwe kake.

Mu 2010 Unduna wa Zaumoyo unaidzutsanso ntchitoyi. Unakhazikitsa maphunziro a miyezi inayi ndi kandalama ka ma meticais 1,200 pamwezi. APE anapatsidwa zoyezera malungo pachala, komanso mankhwala a malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba kwa ana. Koma matenda aakulu sathera pakhonde pake. Mwana wokomoka kapena wolephera kuyamwa, APE amangomuthandiza koyamba n'kulemba kalata yopita nayo kuchipatala usiku womwewo.

Apa ndi pamene pali gawo lathu, abale. Mbiriyi yaonetsa kuti APE akasiyidwa yekha ntchito imafa. Kalata siyenda yokha, imafuna njinga, ngolo kapena njinga yamoto. Pamsonkhano wa kalabu ukubwerawu tikambirane pamodzi ndi amfumu: m'mudzi mwathu ndani adzanyamula wodwala usiku, nanga ndalama ya mafuta idzachokera kuti? Tigwirizane kukadali kowala.