Ana asukulu amene anasamutsa banki ya Barclays

Mu November 1986 banki ya Barclays ya ku London inalengeza kuti ikugulitsa gawo lake mu banki yake ya ku South Africa. Akuluakulu ake ankati ndi nkhani ya malonda chabe. Komatu amene ankatsata bwino nkhaniyi ankadziwa kuti kuseri kwa malondawo kunali anyamata ndi atsikana a m'mayunivesite a ku Britain, anthu oti m'thumba mwawo munalibe kanthu kwenikweni.

Mkangano wake unayambira pafupi ndi kwathu konkuno. Cha mu 1970, Apwitikizi ali kalikiliki kumanga damu la Cabora Bassa pa mtsinje wa Zambezi ku Tete, zinamveka kuti Barclays ikuthandizapo ndi ndalama. Magetsi a damulo ankayembekezeka kugulitsidwa ku boma la tsankho la South Africa, ndipo a Frelimo ankaliona ngati msomali wokhomerera utsamunda ku Mozambique. Ophunzira aja pamodzi ndi bungwe la Anti-Apartheid Movement anayamba kuuza anzawo kuti asasungitse ndalama ku bankiyo.

Nzeru yake inali yapafupi. Mwana wasukulu lero ndi wosauka, inde, koma mawa ndi dokotala kapena loya, ndipo banki imene watsegulako buku ali wachinyamata nthawi zambiri amakalamba nayo. Ndiye chaka chilichonse sukulu zikamatsegulidwa, ophunzira ankaima pakhomo pa nthambi za Barclays kubweza anzawo obwera kumene. Ena ankagula sheya imodzi yokha n'cholinga choti akalowe mu msonkhano wapachaka wa eni banki, akafunse mafunso amene mabwana sankafuna kuwamva. Dzina lomwe analipotoza nkukhala "Boerclays".

Bankiyo nayo inkadzipalira yokha makala. Mu 1976, chaka chimene apolisi anaombera ana ku Soweto, nthambi yake ya ku South Africa inabwereketsa ndalama ku boma zothandizira asilikali. Mu 1978 boma la Nigeria linachotsa ndalama zake ku Barclays. Makhonsolo a matauni, mipingo ndi mabungwe othandiza osauka ku Britain anayamba kutseka mabuku awo mmodzimmodzi.

Nanga boma la Britain? Mayi Margaret Thatcher ankakana kwamtuwagalu zoti South Africa ikhaulitsidwe pa malonda, ati ovutika adzakhala anthu akuda omwewo. Ku America nako Ronald Reagan anakana kusaina lamulo lotere, mpaka aphungu anachita kumupitirira mu October 1986. Kwathu kuno tisanamizane: boma la Dr Banda linali pa ubale ndi Pretoria kuyambira 1967, ndipo ndalama za kumeneko zinathandiza kumanga likulu la Lilongwe.

Sikuti ophunzira okha ndiwo anagwetsa mtengowo ayi. Mu 1985 banki ya Chase Manhattan inakana kuonjezera nthawi yobwezera ngongole za South Africa, mabanki ena nkutsatira, ndalama ya randi nkugwa. Kukhalabe m'dzikomo kunasiya kupindula. Koma chimene zaka 16 za kuima pakhomo zinachita nkukweza mtengo wa manyazi, mpaka Barclays inawerengera nkuona kuti makasitomala amene ikutaya kwawo akuposa phindu la ku Johannesburg. Mu 1987 zikwangwani zinasintha, banki ija nkutchedwa First National Bank. Nelson Mandela anali adakali m'ndende ya Pollsmoor.