Msana wanga, ka hybrid kanga ndi mbiri ya mpando wa galimoto

Pepani kuti ndakhala chete kwa miyezi ingapo. Ena mwa inu munamva kale kuti panali nthawi imene ndinkaphunzitsa Fomu 4 nditagwirira tebulo ngati nkhalamba ya ndodo, ndipo mphekesera zinafika mpaka kwa anyamata anga a ku Joni zoti ndinagwa pa masitepe. Sindinagwe ayi. Unali msana. Tsono poti ndine mphunzitsi wa History, mapiritsi okha sanandikwanire. Ndinafuna kudziwa kumene vutoli linachokera, ndipo ndinapeza kuti ngakhale mpando wa galimoto uli ndi mbiri yake.

Nkhani inayamba m'chaka cha 2022, pa nthawi ya mizere ya mafuta ija. Nditagona kawiri pa filing'i siteshoni, ndinagulitsa chipikapu changa chakale chija chimene munkachitcha kuti Mbaula, ndinatenga ngongole, n'kuitanitsa kagalimoto ka hybrid kogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japan. Ndinapita ndekha kukakatenga ku Dar es Salaam. Kuchokera kumeneko kudzera ku Morogoro, Iringa, Makambako ndi Tukuyu mpaka pa Songwe ndi makilomita opitirira 900. Kagalimoto kankangoti sii, muvi wa mafuta osasuntha, ine mtima uli m'malo. Koma nditafika pa boda ndinalephera kutsika bwinobwino. Ndinatulutsa mwendo umodzi, n'kugwira chitseko, n'kuima chowerama ngati ndikufuna ndalama yogwa. Walira mvula walira matope.

Miyezi yotsatira zinthu zinanka ziipiraipira. Ulendo uliwonse wopita kumudzi unkandigoneka masiku awiri, ndipo kulemba pa bolodi kunasanduka chilango. Mu sitafu rumu chigamulo chinaperekedwa msanga: akuti ndi batire, magetsi ake akukuyamwani mphamvu. Mayi a kunyumba nawo anati, "Bambo, gulitsani kanthu kameneka musanalumale." Koma ngongole inali isanathe, ndipo zaka zopuma ntchito zili pafupi. Ndinafunika kudziwa zoona ndisanataye galimoto kapena msana.

Inu amene ndinakuphunzitsani mukukumbukira zimene ndinkanena za nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Chipolopolo cha Gavrilo Princip ku Sarajevo pa 28 June 1914 chinangoyatsa moto, koma nkhuni zinali zitaunjikidwa kale kwa zaka zambiri. Wophunzira wongolemba za chipolopolo ndinkamupatsa theka la malikisi. Ndiye ndinaganiza zoufunsa msana wanga funso lomwelo: nkhuni zake ndi ziti?

Tiyambire kwathu. Galimoto zisanachuluke mu Nyasaland, azungu ankayenda pa machila, atagona m'nsalu yolimba yomangirira ku mtengo, agogo athu atasenza pa mapewa. Pa ulendo wotere msana wa wokwera unkapuma, wopweteka unali wa onyamula. Ku Ulaya nako mpando woyamba wa galimoto sanaupangire msana. Galimoto ya Karl Benz ya 1886 inali ndi benchi lotengera pa ngolo za akavalo. Mu August 1888 mkazi wake, Bertha Benz, anatenga galimoto ina ya mtundu womwewo ndi ana ake aamuna awiri kuchoka ku Mannheim kupita ku Pforzheim, ulendo wa makilomita pafupifupi 106. Unawatengera tsiku lathunthu. Anatsika kukagula mafuta pa sitolo ya mankhwala ku Wiesloch, anatsika kuthira madzi, anatsika kuti wosoka nsapato akhomere chikopa pa mabuleki, ndipo pa zitunda ankatsika kukankha. Sungani mfundo imeneyi, tibwereranso.

Ford Model T, imene inatuluka mu 1908 n'kupangidwa zoposa 15 miliyoni pofika 1927, inalinso ndi benchi losasuntha, ndipo kwa zaka zambiri thanki ya petulo inali pansi pa mpando wa dalaivala. Wamtali ndi wamfupi ankakhala chimodzimodzi. Munthu ndiye ankayenera kudzipinda kuti agwirizane ndi galimoto.

Madokotala ndi amene anasintha zinthu, makamaka a ku Sweden. Mu 1948 Bengt Åkerblom analemba za kaimidwe ndi kakhalidwe ka munthu, n'kuonetsa kuti choyedzamira cha mpando chiyenera kutukuka pang'ono m'munsi kuti chichirikize msana wa m'chiuno. Chifukwa chake n'chakuti mafupa asanu a m'munsi mwa msana saima mowongoka ngati nsungwi. Amapindikira kutsogolo pang'ono, ndipo pakati pawo pali timapilo tofewa timene timalandira kulemera kwa thupi. Mu 1953 dokotala wa ku America, J. J. Keegan, anajambula anthu pa X-ray atakhala mosiyanasiyana. Anapeza kuti msana umakhala mwachibadwa pamene ntchafu ndi thunthu la thupi zatseguka madigiri pafupifupi 135. Zikapanga madigiri 90, monga pa desiki ya pasukulu, chiuno chimagudubukira kumbuyo ndipo kupindika kuja kumafafanizika. Maondo akakwera kuposa chiuno, monga zimakhalira m'galimoto zazifupi, ndiye zimanyanya.

Kenaka kunabwera Alf Nachemson wa ku Gothenburg. M'zaka za m'ma 1960 iye ankalowetsa singano yoyezera m'timapilo ta msana wa anthu amoyo kuti aone mmene tikupanikizikira. Anapeza kuti ngati poimirira muyezo uli 100, pokhala popanda choyedzamira umafika cha m'ma 140. Mu 1974 iye ndi anzake, kuphatikizapo Gunnar Andersson, anayeza munthu atakhala pa mpando wa dalaivala weniweni. Kupanikizika kunatsika kwambiri choyedzamira chitapendekera kumbuyo madigiri 120, ndi kotukuka ka masentimita 5 kochirikiza m'chiuno. Mumzinda womwewo wa Gothenburg ndi mmene muli kampani ya Volvo, imene inabweretsa lamba wogwira malo atatu wa Nils Bohlin mu 1959, ndipo chapakati pa zaka za m'ma 1960 inayamba kuika mipando yokhala ndi chochirikiza m'chiuno chotheka kusintha. Ku America chotsamira mutu chinakhala lamulo pa galimoto zatsopano kuyambira 1969, chifukwa cha anthu ovulala khosi akagundidwa kumbuyo.

Monga mwa nthawi zonse m'mbiri, umboni watsopano umakonza wakale. Mu 1999 Hans-Joachim Wilke ndi anzake ku Ulm, m'dziko la Germany, anabwereza kuyeza kuja ndi zipangizo zamakono, ngakhale kuti anayeza munthu mmodzi yekha. Anapeza kuti kukhala momasuka sikupanikiza timapilo tija kuposa kuimirira, koma kukhala chowerama ndiko kumapanikiza kwambiri. Ananenanso kuti kusinthasintha kakhalidwe n'kofunika, poti timapiloti timalandira chakudya chake madzi akamalowa ndi kutuluka pamene munthu akusuntha.

Pali munthu winanso wofunika m'nkhaniyi, ngakhale kuti sapuma. Mu 1962 bungwe la mainjiniya a galimoto ku America, la SAE, linakhazikitsa chidole choyezera mipando chimene anthu a m'mafakitale amachitcha Oscar. Chimalemera makilogalamu pafupifupi 76, ndipo amachikhazika pa mpando kuti apeze pamene chiuno cha dalaivala chidzakhale. Kuchokera pamenepo ndi pomwe amayezera mtunda wa ku denga, ku chiwongolero ndi ku mapedulo. Ine ndinamupitirira Oscar ndi makilogalamu 15 kalekale, ndipo ndine wamtali. Opanga galimoto amayesetsa kuti mpando ukwane anthu ambiri, koma sangasokere aliyense yunifolomu yakeyake.

Nanga kuyendetsa kwenikweniko? Mu 1975 Jennifer Kelsey ndi Robert Hardy anafufuza odwala a m'dera la New Haven ku America. Anapeza kuti amuna amene theka la nthawi yawo ya ntchito kapena kupitirira amathera akuyendetsa galimoto ankadwala nthenda ya kutuluka kwa kapilo ka msana mowirikiza pafupifupi katatu kuposa anzawo. Chimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri amatchula ndi kugwedezeka. Thupi la munthu amene wakhala pansi limagwedezeka kwambiri ngati mpando ukunjanja maulendo 4 mpaka 6 pa sekondi, ndipo galimoto zambiri zimapereka kugwedezeka kotereku. Onani chakacho: 1975. Prius inali isanabadwe.

Apa ndiye tafika pa woimbidwa mlandu. Nzeru yophatikiza injini ya petulo ndi magetsi si yatsopano. Ferdinand Porsche anapanga galimoto yotere pa kampani ya Lohner ku Vienna cha m'ma 1900 ndi 1901, koma inali yolemera ndi yodula. Inadzaukanso ku Japan, kumene gulu la mainjiniya a Toyota lotsogoleredwa ndi Takeshi Uchiyamada linatulutsa Prius mu December 1997, mwezi womwe mayiko anakumana ku Kyoto kukambirana za kusintha kwa nyengo. Pa mayeso a ku Japan inkayenda makilomita 28 pa lita. Honda Insight inatsatira mu 1999, Fit ya hybrid mu 2010, ndipo Toyota Aqua mu December 2011. Ku Japan galimoto yatsopano imakayezedwa ikatha zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyezako kumadula. Ambiri amangogulitsa n'kugula ina. Ndi mmene galimotozi zimapezekera pa sitima za ku Dar es Salaam, kenaka m'misewu yathu.

Ndiye batire ili ndi mlandu? M'timagalimoto tambiri ta mtunduwu batire yaikulu imakhala pansi pa mpando wakumbuyo kapena kuseri kwake, osati pansi pa dalaivala, ndipo sindinapeze umboni woti imayamwa munthu mphamvu. Koma kuti galimoto isamwe mafuta ambiri iyenera kukhala yopepuka ndi yaifupi, yoboola mphepo mosavuta. Kanga sikafika mita imodzi ndi theka kutalika kwake. Denga likatsika, munthu wamtali amatsitsa mpando, maondo n'kukwera, ndipo tabwerera kwa Keegan. Kuwonjezera apo, siponji ya mpando wanga inali itakhalidwa ndi munthu wina kwa zaka pafupifupi khumi, ndipo inali italowa pakati ngati mtondo.

Nkhuni yaikulu koposa anandionetsa ndi mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa zaka zapitazo, amene tsopano ndi dokotala wa mafizo. Atandipima anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, chipikapu chija mukamapita nacho kumudzi munkaima kangati?" Ndinawerenga: kuthira mafuta, kuthira madzi mu rediyeta, kumanga waya wa ekizozi, mwina kanayi kapena kasanu. "Nanga kamakonoka?" Ndinati sindiima n'komwe, maola asanu ndafika. Anaseka n'kunena kuti, "Ndiye Mbaula ija inali dokotala wanu." Ndinakumbukira Bertha Benz akutsika pa chitunda chilichonse. Galimoto yakale inkandikakamiza kudzuka. Yatsopanoyi, poti ndi ya otomatiki, ngakhale mwendo wamanzere ulibe ntchito, umangokhala utapindika malo amodzi. Onjezani zaka 30 zochonga makope chowerama, mimba imene yatsogola, ndi chikwama chodzaza malisiti m'thumba lakumbuyo. Ka hybrid kanali Princip chabe.

Anandiperekeza ku galimoto n'kundikonzera mpando ngati mwana wa Fomu 1. Tinaukweza mpaka chiuno chinafanana ndi maondo, mutu osagunda denga. Tinausendeza kutsogolo kuti ndiziponda buleki mpaka pansi bondo likadali lopindika pang'ono. Choyedzamira tinachipendeketsa pang'ono chabe kupitirira chowongoka, chifukwa ukagona kwambiri khosi limatukukira kutsogolo pofuna kuona msewu. Chotsamira mutu tinachikweza kufika pamwamba pa mutu. M'chiuno tinaikamo chitenje chakale cha mayi a kunyumba chopindapinda, chochindikala ngati zala zitatu. Chikwama chinachoka m'thumba. Wokonza mipando kumsika anasintha siponji pa mtengo wochepera wa tayala limodzi. Lamulo lomaliza linali loti ndiziima ola lililonse kapena ola ndi theka, n'kuyenda pang'ono, komanso kuyenda wapansi theka la ola madzulo alionse.

Sindinachire tsiku limodzi. Panapita miyezi itatu ndisanayambe kulemba pamwamba pa bolodi osaluma mano, ndipo mpaka lero ndikachita ulesi msana umandikumbutsa. Koma galimoto sindinagulitse, ndipo chitenje chija mayi anachileka, akuti ndi cha dalaivala.

Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2020 anthu 619 miliyoni pa dziko lonse ankavutika ndi msana wa m'chiuno, ndipo ambiri mwa iwo sanakwerepo hybrid. Komabe mwana wanga uja anandichenjeza kuti si msana uliwonse umene umathera pa chitenje. Ngati mwendo wachita dzanzi kapena wafooka, ngati mkodzo kapena chimbudzi chikutuluka chokha kapena chikukanika, kapena ngati kupweteka kukubwera ndi kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuwonda, pitani kuchipatala msanga. TB imagwiranso mafupa a msana.

Kwa inu anyamata ndi atsikana anga amene tsopano mukuyendetsa mathiraki a ku Beira ndi ku Dar, matakisi ndi maminibasi, komanso aphunzitsi anzanga amene mukusunga ndalama zoitanitsira galimoto: musanafunse makilomita amene imayenda pa lita, khalani pa mpando wa inzake yofanana nayo kwa theka la ola. Safunsa anadya phula. Ndipo mukandipeza ndaima m'mbali mwa msewu manja ali m'chiuno, musaganize kuti galimoto yafa. Imani tipatsane moni, mutambasuleko nanu.