Nzeru za Machiavelli pa utsogoleri wa kampani ya Nintendo

Niccolò Machiavelli anali mlembi wa boma la mzinda wa Florence ku Italy. Atachotsedwa ntchito mu 1512, banja la Medici litabwerera pa ulamuliro, analemba buku la Il Principe mu 1513. Bukuli linasindikizidwa mu 1532, patatha zaka 5 chimwalirireni mwini wake. Ngakhale linalembedwera olamulira mayiko, mfundo zake zimathandiza kumvetsa atsogoleri awiri a Nintendo, kampani ya ku Kyoto ku Japan yopanga masewera a pakompyuta.

Kuopedwa kapena kukondedwa

M'mutu 17, Machiavelli amaphunzitsa kuti wolamulira akalephera kupeza zonse ziwiri, mantha a anthu ndi odalirika kuposa chikondi chawo, bola asafike podedwa. Hiroshi Yamauchi anayenda m'njira imeneyi. Analowa m'malo mwa agogo ake mu 1949 ali ndi zaka 21, kampaniyo ikupangabe makadi a juga. Ogwira ntchito atanyanyala, anachotsa ambiri amene ankatsutsa ulamuliro wake. Mawu ake ndiwo ankagamula zoti zipite pamsika, ndipo m'nthawi yake munatuluka Famicom mu 1983 ndi Game Boy mu 1989.

Satoru Iwata, amene anatenga udindowu mu 2002, anachita zosiyana. Malonda atalowa pansi, anadula theka la malipiro ake mu 2011, n'kuteronso mu 2014. Mu 2013 anauza eni masheya kuti sachotsa antchito pofuna phindu lamsangamsanga, chifukwa anthu oopa kutha kwa ntchito sangapange masewera okopa dziko.

Kusintha ndi nyengo

Mutu 25 umafotokoza chifukwa chake njira ziwiri zotsutsanazi zinapindula. Machiavelli amayerekeza mwayi ndi mtsinje wosefukira, umene wanzeru amautchingira madzi asanabwere, ndipo amati wopambana ndi amene khalidwe lake likugwirizana ndi nthawi yake. Yamauchi anapeza kampani ya banja yofunika kuitembenuza mwamphamvu. Iwata anapeza kampani yodalira luso la akatswiri amene akanatha kukalowa ntchito kwina.

Chigumula chinafika ndi Wii U ya mu 2012, imene inagulidwa pafupifupi 13.5 miliyoni, pomwe Wii ya mu 2006 inaposa 100 miliyoni. Ndalama zimene kampaniyo inasunga m'zaka za phindu, pamodzi ndi akatswiri amene sanachotsedwe, ndizo zinatchinga madziwo. Iwata anamwalira mu 2015, ndipo Switch, imene ntchito yake inayamba iye ali moyo, inatuluka mu 2017 n'kugulidwa kuposa 100 miliyoni.

Malire a fanizoli

Kampani si dziko. Wolamulira wa m'nthawi ya Machiavelli anali ndi asilikali, pomwe mkulu wa kampani amayankha kwa eni masheya ndi kumalamulo, ndipo wantchito wake akhoza kutula pansi udindo tsiku lililonse. Choncho mantha amagwira ntchito pang'ono kumene chuma chenicheni chili m'mitu ya antchito.