Mano a Anthu ndi Thumba la Boma: Mbiri ya ku Britain

Boma la Britain linayamba kulabadira mano a anthu ake chifukwa cha nkhondo. Pa nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu ku South Africa, kuyambira 1899 mpaka 1902, anyamata ambiri ankabwezedwa polembetsa usilikali chifukwa mano awo anali owola, osatha kutafuna mabisiketi olimba a kunkhondo. Mu 1907 mumzinda wa Cambridge munatsegulidwa chipatala cha mano cha ana a sukulu, koma munthu wamkulu wosauka ankangopirira mpaka dzino litafika pozulidwa. M'mabanja ena mtsikana akamakwatiwa ankamuzulitsa mano onse n'kumugulira oikirira, kuti mwamuna wake asadzavutike ndi ndalama za dokotala.

Zinthu zinasintha pa 5 July 1948, pamene Aneurin Bevan, nduna ya zaumoyo, anakhazikitsa National Health Service, yomwe anthu amangoti NHS. Kuonana ndi dokotala, kugonekedwa m'chipatala, magalasi a maso ndi chithandizo cha mano, zonse zinali zaulere. Anthu amene anakhala zaka akutafunira mbali imodzi anakhamukira kwa madokotala a mano, ndipo ndalama zogulira mano oikirira zinapitirira kutali zimene boma linkayembekeza.

Ulerewo sunathe zaka zitatu. Mu 1951 nkhondo ya ku Korea ili mkati, nduna ya zachuma Hugh Gaitskell inafuna ndalama zogulira zida, ndipo inalamula kuti anthu azilipirako mano oikirira ndi magalasi. Bevan anatula pansi udindo mu April chaka chomwecho, nduna inzake Harold Wilson n'kumutsatira. Mu 1952 boma la chipani cha Conservative linaika mtengo wa paundi imodzi pa chithandizo cha mano. Kuyambira pamenepo mano anakhala ngati mwana wopeza m'banja la NHS: chuma chikavuta, iwo ndiwo amayamba kumanidwa.

Ngakhale zinali choncho, phindu linaoneka. Kafukufuku wa 1968 anapeza kuti ku England ndi Wales, akuluakulu 37 pa 100 alionse analibe dzino lachibadwa ngakhale limodzi. Pofika 2009 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 6. Mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, amene anafala m'zaka za m'ma 1970, anathandiza kwambiri, komanso madokotala anazolowera kumata dzino m'malo mothamangira kulizula.

Chimene chinasokoneza zinthu ndi kalipiridwe ka madokotala. Ambiri mwa iwo sanalembedwe ntchito ndi boma. Amakhala ndi zipatala zawozawo n'kumachita mgwirizano ndi NHS. Mu 1992 boma litadula malipiro awo, ambiri anayamba kukonda odwala olipira okha. Mu 2006 kunabwera mgwirizano wina ku England ndi Wales, woti ntchito iziwerengedwa m'magulu atatu. Dokotala womata dzino limodzi ndi womata mano asanu a munthu mmodzi ankalandira zofanana. Choncho wodwala amene m'kamwa mwake munawonongeka kwambiri, yemwe kawirikawiri ndi wosauka, anasanduka woluzitsa. Mu 2022 wailesi ya BBC inapeza kuti pa zipatala 10 zilizonse za mano za NHS, 9 sizinkalandira akuluakulu atsopano. Mu February 2024, chipatala china chitatsegulidwa mumzinda wa Bristol, anthu mazanamazana anaima pamzere m'chisanu kuti alembetse, mpaka apolisi anabwera. Ena atasowa kolowera amadzizula okha mano kunyumba ndi chopanira chachitsulo.

Scotland inasankha njira ina. Mu 2006 inabwezeretsa kupima mano kwaulere, ndipo kuyambira 2021 aliyense wosakwana zaka 26 salipira. Ndi Scotland yomweyo, kudzera ku yunivesite ya Glasgow, imene inathandiza Malawi kuyambitsa digiri ya udokotala wa mano mu 2019, pasukulu imene lero ndi Kamuzu University of Health Sciences.

Pa zaka zonsezi nyumba ya malamulo ya Britain sinachotsepo mano m'gulu la zimene NHS iyenera kusamalira. Lonjezo lidakalipo m'malamulo. Chimene chakhala chikuchepa ndi mwayi wopeza dokotala wolikwaniritsa. Dzino lotupa ndi matenda monga ena onse, ndipo mafinya ake akafalikira munthu amagonekedwa m'chipatala chomwecho chimene boma limalipirira, pamtengo woposa wa kumata. N'chifukwa chake dziko lofuna kulonjeza anthu ake chithandizo cha mano liyenera kuyamba lawerenga madokotala amene lili nawo, n'kuwalipira mwanjira yoti wodwala kwambiri azikhala woyamba kulandiridwa.